Mfuti Yaing'ono ya Malemu Gunnvor

Kunja kukangoti mbee, a Magnar Tveiten ankakhala atadzuka kale. Ankapemphera chogwada pambali pa bedi, kumwa khofi ali chiimire, kenako n'kutulutsa mufiriji botolo la magazi a nswala ndi chiboda chake chomangirira kundodo. Ankalowa nazo m'nkhalango ya kuseri kwa nyumba, akudontheza magaziwo apa ndi apo, chiboda chikudinda m'matope. Pobwerera ankamasula Fant, galu wawo wa makutu akugwa, n'kumulondoletsa njira imene anadontheza dzulo lake. Ankatero tsiku lililonse kupatula Lamulungu.

Zaka makumi atatu ndi zisanu anagwira ntchito pa sitima yowolotsa magalimoto, koma m'chigwa chathu palibe ankawakumbukira ndi sitimayo. Ankadziwika ndi galu. Mlenje akawombera nswala, iyo n'kuthawa ndi bala, ankaimbira a Magnar, ndipo iwo ndi Fant ankailondola mpaka kuipeza n'kuitsiriza.

Ntchito imeneyi inawachotsa chikhulupiriro pa alenje. Munthu akati, "Ndaphonya," iwo ankangoti, "Tiye tikaone pomwe inaima." Anzawo anawapatsa dzina loti apolisi a nswala.

Chinali ndi chiyambi chake. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo awo anawapatsa mfuti yaikulu, yokankha paphewa mpaka mano kugundana. Anayamba kuiopa, n'kumatsinzina powombera. Tsiku lina anawombera nswala yaikazi, iyo n'kuthawa, iwo n'kuuza anzawo kuti aphonya. Patatha masiku asanu ndi anayi anaipeza pamtsinje, nthiti zikuchita kuwerengeka, chibwano chothyoka chikulendewera, ikuyesa kumwa madzi koma osatheka. Ankati bodza limenelo Mulungu anawakhululukira kalekale, koma iwo eni ayi.

Chaka chimene mdzukulu wawo Ingvild anakhoza mayeso a ulenje, mwana wawo Kjetil, bambo ake a mtsikanayo, anafika naye pakhomo a Magnar akutsuka botolo lija.

"Bambo, mfuti ya mwanayu yapezeka kale. Ndimupatsa yanga yaikulu ija. Akaizolowera imeneyo sadzafunanso ina."

"Ija inakung'amba pachikope ija?"

"Limenelo linali galasi loyang'anira, osati mfuti."

"Eya. Galasi linangodumpha lokha kudzakupsompsona."

Ingvild anaseka. "Agogo, musade nkhawa. Ine si dzira."

A Magnar sanaseke. Anamuyang'ana mapewa, n'kunena kuti akumane Loweruka kubwalo la chandamale.

Kubwaloko kunali alenje ambiri, aliyense ndi fulasiki yake. Ingvild anagona chafufumimba n'kuwombera kasanu. Mabowo anamwazikana papepala, lina kumwamba, ena m'mphepete. Koma agogo ake sankayang'ana pepala. Ankayang'ana nkhope.

"Ikupweteka?"

"Ayi."

"Olo pang'ono?"

"Ndati ayi, Agogo."

"Yang'ana kumbali, ndikuikire ine zipolopolo."

M'thumba mwawo munkakhala chipolopolo chopanda wonga, chimene anayesera nacho alenje ambiri odzitama. Anachilowetsa mwakachetechete. Ingvild analunjika, n'kukoka. Mfuti inangoti tcha, osalira. Koma maso ake anali atatsinzina kale, phewa litathawira kumbuyo, mlomo wa mfuti utagwera pansi.

Amuna aja anaphulika ndi phwete. "Apolisi agwiranso wina!" anakuwa mkulu wina.

Ingvild anadzuka makutu ali psuu. "Mwandinamiza, Agogo. Pamaso pa anthu."

"Iwenso wandinamiza. Wati sikupweteka."

Madzulo ake a Magnar anatsekula kabati yachitsulo n'kutulutsa mfuti yaing'ono ya malemu akazi awo, a Gunnvor. Mtengo wake wotsamira paphewa anachita kuufupikitsa okha ndi sowo chaka chimene anakwatirana. Chimwalirire mayiwo, ankaipaka mafuta kawiri pachaka koma sanabwerekepo munthu.

"Kamfuti ka Amayi?" anatero Kjetil. "Kameneko n'koopsezera akhwangwala."

"Amayi ako anagwetsa nako nswala makumi awiri ndi zitatu, ndipo palibe tsiku lomwe galu wanga anatuluka m'khola chifukwa cha iwo. Nanga iwe ndakutulutsira kangati?"

Kjetil anangokanda pachipsera chija.

Miyezi itatu Ingvild anayeserera ndi mfuti imeneyo. Kutsinzina kunatha. Anafika poti mabowo asanu ankatheka kuphimbika ndi chikhatho chimodzi. Koma zipolopolo ankaika yekha, ndipo chilichonse ankayamba wachitembenuza m'manja. Tsiku lomupatsiratu mfutiyo, ali pakhonde, a Magnar anamupempha kuti akadzawombera nswala n'kuthawa, adzaimbire iwo, kaya akuganiza kuti waphonya. Ingvild anangotseka chikwama cha mfuti.

Ulenje unatsekulidwa mu Seputembala. Loweruka lachiwiri m'mamawa, a Magnar ali pakhonde, inamveka mfuti kuphiri kumene alenje anzake anamukhazika Ingvild. Kulira kwake ankakudziwa bwino. Inalira kamodzi kokha. Anagwira foni m'thumba la pachifuwa, n'kudikira. Khofi anazizira, dzuwa linakwera, foni ili zii.

Masana anatsikira kukhola lakale kumene alenje amasendera nyama. Nswala zopachika zinali ziwiri, zonse za alenje ena.

"Ndaphonya, Agogo," anatero Ingvild, akuwayang'ana m'maso. "Chigongono chinaterereka pamwala. Chipolopolo chadutsa pamwamba."

"Mwakaonapo pomwe inaima?"

"Takaonapo ndi Adadi. Magazi palibe, ubweya palibe."

"Tazungulira kawiri, Bambo," anawonjezera Kjetil. "Pitani mukagone."

"Chabwino."

Koma panjira mtima unakana. Munthu wa mabowo asanu pachikhatho angaphonye nswala yathunthu? Ndipo anayankhiranji msanga chonchija, asanamufunse n'komwe? Si kale lomwe anawayang'ana m'maso n'kunena kuti sikupweteka. Nanga Kjetil, amene sangapeze magalasi ali pamphuno, angaone dontho la magazi paudzu wonyowa? Anaona chibwano chija chikulendewera pamtsinje.

Sanabwerere kukamutenga Ingvild. Anamanga Fant chingwe chachitali n'kukwera ndi njira ya kuseri, yosadutsa pakhomo pa Kjetil.

Malowo anawapeza mosavuta. Fant ananunkhiza, kuzungulira, kupita patsogolo mikono ingapo, kubwerera, kenako n'kukhala pansi akuyasamula. A Magnar anagwada okha, akutembenuza tsamba ndi tsamba. Panalibe kanthu. Podzuka m'pamene anaona bala loyera la chipolopolo pathunthu la mtengo, pamwamba kuposa mutu wawo, utuchi wake ukadali wauwisi.

Anavula chipewa kuti athokoze Mulungu. Fant anagwedeza mchira akuyang'ana kumunsi. Pamenepo panaima Ingvild, m'manja muli magolovesi amene anaiwala pamwala m'mawa.

Anayang'ana galu, chingwe, ndi matope a m'mawondo mwa agogo ake.

"Mukanandiuza, bwenzi nditakuperekezani," anatero. Anatembenuka n'kutsika.

Mfuti sanabweze. Akuigwiritsabe ntchito, ndipo chaka chilichonse amagwetsa nswala yake. Kutchalitchi amawapatsa moni agogo ake, pa Khirisimasi amawabweretsera ntchafu yofutsa. Palibe amene anganene kuti anayambana.

Chaka chachitatu nswala ina inasuntha pa nthawi yowombera, n'kuthawa ndi bala. Ingvild sanabise. Anaimba foni pomwepo, asanadzuke n'komwe pamwala. Koma anaimbira mayi wina wa galu wa kuchigwa cha tsidya, amene anayenda ola lathunthu pagalimoto, pamene Fant anali gone pakhonde, pamalo poti munthu akakuwa ali paphiri mawu amafika.

A Magnar anazimvera m'sitolo akugula buledi. Mkulu wa phwete uja ndiye anawauza, akuwasuzumira kumaso.

"Apolisi, akudumphanitu."

"Nswalayo anaipeza?"

"Isanakwane teni."

"Ndiye wachita bwino kuimba," anatero, n'kutenga buledi wawo.

Tsopano miyendo yawalemera ndipo Fant wachita imvi kukamwa, koma kunja kukati mbee amatulukabe ndi botolo ndi chiboda. Seputembala akafika, foni imakhala m'thumba la pachifuwa ngakhale kutchalitchi, ngakhale abusa analetsa. Zimene anamupempha Ingvild tsiku lija pakhonde, chikwama cha mfuti chikutsekedwa, zikadali pomwepo:

"Ingvild, mwanawe, ikadzathawa, kaya ukuganiza kuti waphonya, udzandiimbire ine. Tidzapitire limodzi. Wamva?"