Nereida wa m'minda ya malalanje

Nereida Quiala ankagona pabedi lam'mwamba, ine lam'munsi, pasukulu yogonera komweko imene inali pakati pa minda ya malalanje ku Jagüey Grande, m'dziko la Cuba. Tonse tinafikako tili ndi zaka khumi ndi ziwiri. M'mawa tinkakhala m'kalasi, masana tinkathyola malalanje a boma mpaka manja kuyabwa.

Ambirife tinkagwira ntchitoyo mozemba, koma iye ayi. Thumba lake linkadzaza msanga, nyimbo za chipani ankaimba ndi mtima wonse, ndipo chimene ankalakalaka kwambiri chinali khadi la gulu la achinyamata a chipanicho.

"Iwe udzakwatiwa ndi mbendera," ndinkamuseka.

"Bola mbendera," ankatero, "sinunkha m'kamwa ngati Dagoberto wakoyo."

Mu 1980 boma linalola kuti ofuna kuchoka mu Cuba anyamukire padoko la Mariel. Lamlungu lina bambo ake, a Reinerio, amene ankakonza mawailesi m'tauni ya Colón, anabwera kusukulu atanyamula mpunga ndi nyemba zakuda m'kachitini. Anakhala naye pansi pa mtengo, ine ndikuyanika zovala chapafupi.

"Mwana wanga, amalume ako abwera ndi boti kuchokera ku Miami. Tenga zovala zako tizipita. Amayi ako ndi mlongo wako Osmel akudikira."

"Kukatani kumeneko, bambo?"

"Kukakhala ngati anthu."

"Kuno sitikukhala ngati anthu? Ine sindine mphutsi."

Mphutsi ndilo dzina limene tinaphunzitsidwa kutchulira anthu ochokawo. A Reinerio anaimirira. Kenako anamusiyira kachitini kaja n'kupita kukadikira basi.

Patapita masiku ochepa anatikweza palole kuti tikakuwize mabanja ofuna kuchoka. Loleyo inakaima pamsewu wa kwawo kwa Nereida. Tinapeza anthu atasonkhana kale, akugenda chitseko cha a Reinerio ndi mazira, mazira omwewa amene amayi athu ankawaimira pamzere. Mphunzitsi wina anaika dzira m'manja mwa Nereida. Iye sanaponye, komanso sanalibweze. Anangoima n'kumayang'ana mawindo otseka, mpaka dziralo linamuphwanyikira m'manja.

Banja lija linawoloka nyanja. Boma linamata chitseko cha nyumbayo n'kuipereka kwa anthu ena. Tsiku lopereka makhadi litafika, mtsogoleri wa achinyamata ananena pamaso pa tonse kuti Nereida anasonyeza mtima wofooka ku Colón, choncho sanamupatse.

Kuyambira pamenepo analibenso mbali. Okonda chipani ankamuona ngati mwana wa mphutsi. Enafe, amene tinkamvera mobisa nyimbo zachingerezi pakawailesi, tinkatsitsa mawu iye akamalowa, poti munthu wokana makolo ake angalephere bwanji kutineneza? Sananenezepo aliyense. Patchuthi tonse tikamakwera mabasi, iye ankatsala ndi mlonda komanso amayi ophika, m'chipinda chogona chachikulu chodzaza mabedi opanda matiresi. Ndinapitapo naye kwathu, koma ankadzuka m'mamawa kukolopa nyumba yonse ngati wantchito, ndipo amayi anga atamuletsa, sanabwerenso.

Ankafuna udokotala koma malo sanapatsidwe. Anatsala kumindako akugwira ntchito yomezanitsa mbande. Anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa thalakitala, munthu wofatsa, ndipo anakhala bwino ndithu kwa zaka zingapo. Koma njala itavuta mu 1994, mwamunayo anamanga chombo cha machubu a matayala pamodzi ndi anzake kuti awolokere ku Miami. Anamupempha kuti apite limodzi, Nereida anakana. Sizinamvekenso ngati anafika kapena ayi.

A Reinerio anamwalirira ku Miami. Patapita zaka zambiri Osmel, mlongo wake uja, anabwera atanenepa, imvi zili mbuu, atanyamula masutikesi a sopo ndi nsapato. Ndinalipo tsikulo chifukwa Nereida anandipempha kuti asakhale yekha.

"Achemwali, tiyeni mukaone amayi. Mapepala ndikonza ine."

"Ndikakafika ndikawauze chiyani?"

"Palibe choti mukanene. Mutu wawo sukugwiranso. Lachisanu lililonse amafunsa ngati basi ya kusukulu yafika, amati ndikutsekulireni chitseko."

Nereida anadzuka kukatereka khofi, ndipo anakhalitsa kukhitchiniko. Atabwera anati, "Konza mapepalawo."

Mapepala anachedwa monga amachitira. Pamene ankatuluka, amayi ake anali ataikidwa kale m'manda. Osmel anaimba foni kuti apitebe, chipinda chilipo. Nereida anathokoza, n'kunena kuti wakalamba, sangayambe moyo wina.

Sukulu yathu anaitseka kalekale, ndipo makalasi anawagawa kukhala nyumba za antchito a m'minda. Nereida amakhala m'chipinda cham'mwamba momwe tinkaphunzirira masamu, ndipo bolodi ikadali pakhoma kuseri kwa kabati. Mitengo yambiri inagwidwa ndi matenda, anaidula. Ndikapita kukamuona amandifunsa za atsikana a m'chipinda chathu chija, mmodzimmodzi, ine n'kumamuuza kuti uyu ali ku Tampa, uyu ku Madrid, uyu anamwalira. Amamvetsera akugwedeza mutu. Nthawi ya basi ikakwana amandiperekeza mpaka pamsewu waukulu, ndipo sabwerera mpaka basiyo itanyamuka.