Chipembere Chitasiya Kudya

Ku Bangwe, kumtunda kwa msika, kumakhala bambo ena achikulire amene anagwira ntchito zaka zambiri pakhola la zipembere, kuthandiza dokotala wa nyama. Amayenda pang'onopang'ono, ndipo sagwira munthu paphewa asanamulankhule. Amati chipembere sichiona patali, ndiye chimakhulupirira mawu okhawo amene chinawazolowera.

Tsiku lina masana dokotala uja anawaimbira foni ali kukhola kuja. Chipembere chachikazi chimene bambowo analera chinali ndi bere loyamba, la miyezi khumi ndi itatu, koma chitasokedwa bala la pamwendo chinasiya kudya. Panali patadutsa masiku anayi, ndipo mwana akanatha kufera m'mimba.

"Ikwezeni mawu foniyo, muiike pampanda, inuyo mutalikire," anatero bambowo.

Anakhala pakhonde n'kuyamba kuchilankhula motsitsa. "Iwe mayi, ndi ine. Wayamba liti mwano? Idya, muli mwana m'mimbamo."

Akazi awo, mayi Petronela, anasiya kuchapa. "Ine simunandinyengererepo chonchi," anatero, koma sanaseke.

Patapita kanthawi, pafoni panamveka nthambi ikuthyoka, kenako kutafuna. Bambowo anavula chipewa, n'kupitiriza kumvetsera.