Benchi ya Pakona

Minibasi ikaima pa kamsika kathu, m'mbali mwa msewu wa tala kufupi ndi Chipoka, dalaivala sankazimitsa injini. Kondakitala ankatsegula chitseko, kutsitsa wotsika, uku dzanja lina likumenya kale denga kuti galimoto inyamuke. Okwera ankagulira pawindo, ndipo ankagula chokhacho chimene diso laona ali pampando. Choncho msika weniweni unali mzere wakutsogolo basi. A mzere wachiwiri ankatola zotsala. Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa khoma la chigayo chakale, munthu ankaswera kuingitsa ntchentche osamva ngakhale mmodzi wofunsa mtengo.

Ine benchi yanga inali kutsogolo, ndipo ndinkagulitsa usipa wouma. Yogundana nayo, ya pakona penipeni pamene chitseko cha minibasi chinkaima, inali ya mnzanga wachisilamu amene ndinkamutchula kuti achemwali ngakhale panalibe chibale. Iwo ankawamba kampango ndi mlamba. Dzanja lowambira anali nalo mayi amene uja. Nsomba zawo zinkatuluka zofiirira, zonyezimira mafuta, zosapserera kumchira, moti madalaivala ena ankaima ngakhale mulibe wotsika. Tinkakangana pafupipafupi, makamaka pa nkhani ya mthunzi, poti ambulera inali imodzi. Ine ndine wapakamwa, sindibisa. Iwo anali ofatsa kofika pokwiyitsa: iwe ukulalata thukuta lili kamukamu, iwo akungosanja nsomba zawo.

Mabenchiwo tinakhoma tokha kalekale, nthawi imene pamalopo panali tchire. Koma atabwera matipate aliyense anatulukira geni. Amene ntchito inawathera, amene anabwerera kumudzi kuchokera m'tauni, onse anathamangira kumsewu. Anthu anayala katundu mpaka pa tala, ukawauza kuti asunthe ankayankha kuti ndi ufulu wawo. Tsiku lina minibasi inaponda dengu la tomato, panabuka ndeu mpaka wina anaguluka dzino. Pamenepo tinasankha komiti, ndipo wapampando anali bambo wina wogulitsa zitsulo za njinga, munthu wosamwa mowa, wokonda mluzu wake kuposa mkazi wake. Anaika malamulo awiri. Munthu mmodzi, benchi imodzi. Benchi ikakhala sabata ziwiri mwini wake osaoneka, wakumbuyo kwake asunthire kutsogolo. Inenso ndinakweza mkono kuvomereza, poti ndinkaona ngati malamulowo ndi okhaulitsa aulesi.

Amuna a achemwali anali msodzi wa ku chilumba cha Mbenji. Anabwerako chaka chimenecho akutsokomola, ndipo sanadzukenso. Titaika maliro, achemwali analowa eda, nthawi imene mkazi wachisilamu amabindikira pakhomo kulira mwamuna wake. Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya sabata imodzi. Koma achemwali anandiuza kuti ndi miyezi inayi ndi masiku ena pamwamba. Anali ndi ana atatu, ndipo chimene chinkawadyetsa chinali benchi ya pakona ija.

Kuwamba sanasiye, chifukwa ng'anjo yawo inali kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda. Mlamu wawo ankabweretsa nsomba kuchokera kugombe, ine m'mawa ndinkadzera kumeneko kukasenza. Ndinkayala usipa wanga pa benchi yanga, kampango wawo pa benchi yawo, n'kukhala pakati. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Zinayenda bwino mpaka mayi wina wa mzere wachiwiri, wogulitsa mpunga wa ku Chinguluwe, anayamba kutsokomola dala nthawi iliyonse wapampando akamadutsa.

M'mawa wina mluzu unalira pamutu panga.

"Mayi, mabenchi awiriwa ndi a ndani?"

"Mukufunsa ngati ndinu mlendo. Si inu munanyamula nawo maliro?"

"Ndinanyamula. Koma sabata ziwiri zatha. Abwere adzakhalepo m'mawa umodzi wokha, anthu awaone, ine nditseka maso sabata zina ziwiri."

"Eda si ulendo wa ku Lilongwe woti munthu angabwerere panjira," ndinatero, mawu atakwera kale.

Iwo sanakweze mawu. "Ndikalola inu lero, mawa msika wonse uli ndi maliro. Yang'anani kumbuyoko. Nawonso ali ndi ana."

Sindinayang'ane. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndicho chinandipsetsa mtima kwambiri.

Masana ndinasiyira katundu mnzanga wa tomato, n'kuthamangira kwa achemwali. Ndinawapeza pa ng'anjo, maso atafiira ndi utsi, mpango utakokeredwa mpaka pachipumi.

"Achemwali, m'mawa umodzi wokha. Mungokhala, osalankhula ndi munthu. Ndikuphimbani ndi chitenje ngati mukufuna."

Anatembenuza kampango mmodzi, kenako wina. Kufatsa kuja.

"Mukundimva?"

"Ndikumva. Sindingapite."

"Ena akuti ashehe amalola ngati pali vuto la chakudya."

"Ashehe angalole. Nanga alamu anga? Nanga apongozi? Andione pamsewu, madalaivala akundipatsa moni, dothi la pamanda lisanaume? Adzati ndinawadya ndine amuna anga. Nsomba zimene ndikuwambazi akubweretsa ndi iwo omwewo."

Ndinalalata. Ndinawauza kuti malemu sadzadzuka kudzadyetsa ana, kuti manyazi sadyedwa, ndi zina zimene sindingalembe pano. Anadikira mpaka mpweya unandithera, kenako anati, "Inshaallah, riziki limene Mulungu anakulembera kuti udye silisochera. Senzani izi zapsa." Ndinasenza, ndikulira ndi ukali njira yonse.

Mawa lake wapampando anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa m'bawa. Anati popeza ndakhala ndikugulitsa pa mabenchi awiri, ndisankhe imodzi, inayo ipite kwa mayi wa mpunga. Ndinaganiza mofulumira. Usipa wouma umadikira, ungaugoneke m'thumba mwezi wathunthu. Kampango wowamba sadikira. Akagona kawiri katatu wayamba nkhungu, ndipo amagulidwa ndi maso a wapaulendo. Komanso ine amuna anga anali moyo, ali ndi khoka lawo la chilimira. Ndinati ndasankha ya pakona. Mumtima ndinali nditakonza kale kuti eda ikatha ndidzangoimirira, achemwali n'kukhala pamalo pawo, ine n'kupita kumbuyo ndi usipa wanga. Mayi wa mpunga anasamuka nthawi yomweyo, osadikira n'komwe kuti ndichotse sefa yanga pamsomali.

Ine ndi mayi wa mpungayo sitinkalankhulana. Iwo ankayang'ana pabenchi panga kuposa pa mpunga wawo.

Zikanathera pomwepo bwenzi palibe cholemba. Koma miyezi imeneyo kunabwera anthu a ndalama ochokera kuboma la Salima. Ankagula mabenchi akutsogolo mwakachetechete kwa eni ake, n'kuikapo adzukulu ndi aganyu kuti aziwagulitsira sopo ndi mabisiketi. Munthu mmodzi anali ndi mabenchi angapo, pa iliyonse pali nkhope ina. Anthu akumbuyo anawira. Komiti inakhalanso pansi n'kuika lamulo lachitatu: benchi sigulitsidwa, sibwerekedwa, sipatsidwa kwa mnzako. Ukaisiya, ikupita kwa wakumbuyo. Ndipo katundu wa pabenchi akhale wako iwe wokhalapo, osati wogwirizira wina.

Anthu anaomba m'manja. Ine manja anandilemera. Asanamalize n'kuomba komwe, mayi wa mpunga anaimirira, nayamba ndi ulemu wonse.

"Wapampando, ndingofunsa nawo. Kampango ali pakonayu ndi wa ndani? Chifukwa ife timadziwa kuti mayiwa ndi a usipa. Ndili ndi mng'ono wanga kuseri kwa chigayo, chaka chatha osagulitsa chooneka."

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Ndi wanga," ndinatero.

"Mukuwamba nokha?" anafunsa wapampando.

"Ndikuwamba ndekha. Kapena kuwamba nakonso kumafuna chilolezo cha komiti?"

Ena anaseka, koma wapampando sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa, ndipo ankadziwa kuti ndikudziwa kuti akudziwa.

"Chabwino. Ndi wanu. Koma tsiku limene ndidzamve pakamwa panu, kapena pakamwa pa wogula, kuti nsombazo ndi za munthu wina, benchi imeneyo yapita. Mwamva nonse."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudzera kwa achemwali ndi beseni m'mawa. Mwana wawo wamkazi ankabweretsa nsomba kunyumba kwanga modzera njira ya m'munda, ine n'kutuluka nazo pakhomo panga. Ndinafika pokoleza moto wa nkhuni zaziwisi kuseri kwa nyumba kuti odutsa aone utsi. Amuna anga anati ndapenga. Pamsika ndinkakhala mtima uli m'mwamba. Wogula akangoyamba kuti "Kodi izi si za...", ine ndinkamudula ndi mtengo, kumuonjezera kamlamba kapulayizi kuti azipita. Munthu wapakamwa ngati ine kuphunzira kuluma lilime, zinali ngati kusenza madzi m'lichero.

Achemwali ndinawauza zonse, sindinawabisire. Tinakhala pamphasa m'khonde mwawo, eda itatsala pang'ono kutha.

"Ndikaimirira, benchi ipita kwa mng'ono wa mayi uja," ndinatero. "Ndikakhala, ndakulandani. Ndiuzeni chochita, mutu wanga waima."

"Musaimirire."

"Tipite tonse kwa wapampando. Ndikamulalatire mpaka mluzu umugwe m'manja."

"Mwalalata kale, zinathandiza?" Anamwetulira pang'ono, koyamba chimwalirire amuna awo. "Nsomba zikuoneka, si choncho? Ana akudya. Inu khalani pakona ndi kampango wanga. Ine ndikakhala kuseri kwa chigayo ndi usipa wanu. Anthu a m'mudzi momwemuno amafika kumeneko, usipa sufuna windo."

"Benchi ija munakhoma ndi manja anu, achemwali. Ine ndinkakugwirirani misomali."

"Matabwa amenewo. Alhamdulillah sinapite kwa mlendo."

Ndinavomera chifukwa panalibe njira ina.

Tsiku limene anabwerera kumsika kunali dzuwa loswa mtengo. Ndinawaonera patali akubwera m'mbali mwa tala, ataonda, atasenza thumba la usipa wanga. Wapampando anasiya zitsulo zake n'kudzaima pafupi ndi pakona, ngati akuyang'ana zina. Mayi wa mpunga anasiya kuyeza.

Achemwali anafika pa benchi yawo. Anayang'ana kampango amene anawamba okha dzulo lake, momwe ndinamusanjira, ndipo ndinaona dzanja lawo likufuna kutembenuza mmodzi amene ndinamugoneka chammbali. Analibweza.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero, monga mmene munthu amapatsira moni wongodziwana naye.

"Ndaswera, kaya inu."

Anadutsa pakati pa mabenchi, kulowa mzere wachiwiri, mpaka khoma la chigayo linawabisa.

Pasanapite nthawi panaima minibasi yochokera ku Balaka. Palibe anatsika. Dalaivala wake, bambo wamkulu wandevu zaimvi amene ankagula kwa achemwali kuyambira kale, anatulutsa mutu pawindo. Anali atasowa miyezi yonseyi, kaya anali pamsewu wina. Mawu ake anali aakulu, omveka mpaka kunjanji.

"Kodi amayi anga aja a mpango ali kuti? Eni ake a pakona pano?"

Wapampando anali pomwepo, mluzu uli m'manja. Mayi wa mpunga anatchera khutu osabisa n'komwe.

"Anasiya geni," ndinatero.

"Aa! Zoona? Pepani. Nanga uyu wawamba ndani?"

"Ndine."

Anatenga kampango mmodzi, kumutembenuza, kumununkhiza. "Komatu mwawaposa, mayi. Awo sankafika apa. Ndikulungireni awiri."

Ndinakulunga m'pepala n'kumupatsira pawindo. Kondakitala anamenya denga, galimoto inanyamuka, wapampando anabwerera ku zitsulo zake. Apo m'pamene ndinacheuka. Achemwali anali ataimirira pangodya ya khoma la chigayo, theka la nkhope likuoneka. Anali atamva mawu a kasitomala wawo n'kudzuka, ndipo anamva zonse zimene tinalankhula. Tinayang'anana. Anandigwedezera mutu pang'ono, kundiuza kuti ndayankha bwino, kenako anabwerera kuseri kukakhala pansi.