Moto wa Amake Ramsey

Mukafika pagombe lathu kumunsi kwa Boma n'kufunsa wowamba kampango, aliyense akulozerani kwa a Ummy, amene tonse timawatchula amake Ramsey. Ine ndine Esitere. Uvuni wanga unayang'anizana ndi wawo, choncho zawo ndimaziona ndi maso angawa, osati zongomva.

Anayamba kuwamba amuna awo atamira ndi bwato nyengo ya mwera, Ramsey adakali kumsana. Sanakwatiwenso. Amuna ankabwera ndithu, koma mayiwo maso anali pauvuni. Amaika chikuni chimodzi cha mango, kuwaza mankhusu a mpunga pamwamba, kuvundikira ndi lata, kenako n'kumayesa kutentha ndi kuseri kwa dzanja. Moto wawo sukwera, sutsika. Wa enafe ndi wamkwiyo, pano walilima, pano wazirala, n'chifukwa chake nsomba zathu zimatuluka zina zakuda zina zaziwisi. Zawo zimatuluka zofiirira mofanana, khungu losang'ambika. Zimandipsetsa mtima, koma chilungamo n'chakuti pagombe pano palibe wowaposa.

Ramsey anakulira kwa amalume ake ku Dwangwa chifukwa cha sukulu. Nsomba za amake ankazidziwa zili kale m'mbale. Chaka chino anali womaliza ku yunivesite, ndipo ntchito yake yotsiriza inali ya timapale ta dongo lamtundu wina, tokula ngati bisiketi, timene timasandutsa kutentha kukhala magetsi. Iye ankati kutentha kumene kumangotayika m'makoma a uvuni kungathe kuyatsa babu. Anauza aphunzitsi ake kuti adzawaonetsa zimenezi kwa amake. Mnyamatayo anali atabwereza kale chaka chimodzi chifukwa cha matenda, ndipo kumeneko salola kubwereza kawiri. Babu likapanda kuyaka, sukulu yathera pomwepo.

Kutatsala tsiku limodzi, Ramsey anaimba foni madzulo. "Amayi, mukoleze moto m'mamawa. Uvuni ukhale wotentha tikamafika."

Tsikulo a Ummy anali ndi kampango wa a Idrisa, munthu wolemekezeka kumzikiti, amene mwana wawo wamkazi ankamanga nika, ukwati wa Chisilamu, m'mawa mwake. Anati zagwirizana bwino. Atangoswali m'bandakucha anakoleza moto wabwino kuposa masiku onse, poti unali wa mwana wawo.

Ramsey anafika pa kabaza ndi aphunzitsi ake, a Kalilu, bambo wosalankhulalankhula. Anamata timapale tija pakhoma la uvuni ndi simenti youma msanga, n'kulumikiza mawaya kukabokosi kosungira magetsi. Pakabokosipo panali kamuvi koonetsa mphamvu ndi kababu kakang'ono. Timapale titayamba kutentha, kamuvi kanadumpha. Ramsey anamwetulira. Posakhalitsa kanabwerera pansi, n'kugona pomwepo.

Tinadikira. A Ummy anayesa lata ndi dzanja, n'kuwaza mankhusu pang'ono kuti moto usasunthe. Ramsey anamasula mawaya, kuwamanganso, kuwamasulanso. Malaya ake anali atanyowa kumsana. Dzuwa linakwera, kamuvi kali zii.

"Ndili ndi wophunzira wina ku Salima," anatero a Kalilu. "Azana yoitanira mapemphero a masana ikamveka ndinyamuka."

Ramsey anagwira khoma, n'kukhala choligwira nthawi yaitali. Nkhope yake inasintha.

"Amayi, moto umenewu usintha nthawi yanji?"

"Usinthe? Iwe, ukunditukwana?"

"Iyayi amayi. Timapaleti sitipereka magetsi chifukwa chongotentha. Timapereka kutentha kukamakwera kapena kukamatsika. Ine ndinayesera pamauvuni a ku Dwangwa. Ndinkayesa onse ndi chimodzimodzi."

Ndinafuna kuseka, koma mtima unandiwawa. Uvuni umene ukanamuthandiza unali wanga, wa moto wopenga uja, koma tsikulo unali wozizira, ndipo simenti inali itagwira kale. Ndinati tichotse kaye nsomba. A Ummy anapukusa mutu, ndipo ndinadziwa chifukwa chake. Kampango wosapsa ukamunyamula amasiya nyama yonse pawaya.

Anaima chilili, manja ali m'chiuno. Anayang'ana uvuni, anayang'ana mwana wawo. Ramsey anali atawerama. Sakanatha kupempha, poti ankadziwa mwini wa nsombazo.

"Esitere," anatero mayiwo, "tandipatsani udzu uli paphaka panu uja. Ndi ndowa ya madzi."

"Amake Ramsey, nsomba za nika zimenezo."

"Ndikudziwa. Bwerani ndi udzuwo."

Anati Bisimila chapansipansi, n'kuponya udzu wonse mu uvuni. Moto unalilima mpaka kunyambita waya. Kamuvi kanadzuka. Kenako anakankha lata ndi mtengo, mphepo ya kunyanja n'kulowa, iwo n'kuwaza madzi pamakala. Utsi unatuluka wakuda bii. Kamuvi kanagwedezekanso.

"Bwerezaninso, amayi!"

Anabwereza. Udzu, moto, madzi. Tinamva khungu la kampango likusweka, mafuta akudontha pamakala n'kumayaka. Fungo lokhalo linaitana amayi a mauvuni ena, poti fungo lotero silinatulukepo pakhomo limenelo. Anaima mozungulira, atagwira kukamwa. Wina anaseka kumbuyo, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anasiya.

Kabokosi kankadzaza pang'onopang'ono zedi. Udzu utatha ndinakazula wa padenga la khitchini yanga. A Ummy anali m'kati mwa utsi, mpango utagwera paphewa, misozi ikutsika, akukhosomola. Dzanja limene amayesera kutentha lija linali litapsa, koma sanaliyang'ane n'komwe. A Kalilu anali atanyamula kale chikwama chawo.

Kumzikiti kunamveka mawu oyamba a azana. Ramsey anadina kabatani.

Kababu kanayaka.

"Layaka?" anafunsa a Ummy. Maso awo anali otseka chifukwa cha utsi. "Iwe Ramsey, layaka?"

"Layaka, amayi!"

Anapukuta maso ndi chitenje msangamsanga, koma pamene ankawatsegula n'kuti magetsi atatha, kababu katazima. A Kalilu anali atajambula ndi foni. Anagwedeza mutu, anagwira Ramsey paphewa n'kunena kuti wakhoza, kenako anagwira chanza a Ummy ndi manja awiri, n'kukwera kabaza.

Amayi aja anabalalika akunong'onezana. A Ummy anatola nsomba imodziimodzi n'kuika m'dengu. Zinali zakuda, zong'ambika, zina zopanda mitu. Ramsey anati apite nawo kwa a Idrisa kuti akafotokoze yekha.

"Khala pansi," anatero. "Anandipatsa ine nsombazi, osati iwe."

Ndinawathandiza kusenza dengu, n'kutsagana nawo. Tinayenda mpaka kudutsa msika. Titayandikira mpanda wa a Idrisa tinamva amayi akupeta mpunga wa nika, akuimba. A Ummy anaima.

"Esitere, linali lotani?"

Sindinafune kuwanamiza. "Laling'ono. Ngati diso la usipa."

"Koma linayaka."

"Linayaka ndithu."

Anakonza mpango wawo ndi dzanja lopsa lija, n'kuyandikira pachipata.

"Odi kuno!"