Mkwati wa Malata a Mayi Nabanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinakwatira koyamba, ndipo ukwatiwo unatha dzuwa lisanalowe.

Chaka chimenecho chimphepo chinasasula denga la mayi Nabanda, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo. Mitambo inali itayamba kale kuda, iwo akugona pansi pa chipepala cha pulasitiki. Amayi a m'dera lathu anapangana zochititsa ukwati wachiphamaso, wongosewera, kuti anthu adzafupe ngati pa ukwati weniweni, ndalamazo zigulire malata.

Ine sanandisankhire khalidwe ayi. Suti imene anabwereketsa a Yusufu, telala wa pamsika, inakwana ine ndekha. Mkwatibwi anali Esinati, mtsikana amene tinali titamenyana naye sabata yomweyo pa kiyosiki ya madzi, ndipo kunena zoona amene anadya fumbi ndinali ine.

Anatikhazika pa sofa pansi pa mtengo wa mango, Esinati atamufunditsa katani yoyera kumutu. Suti inkanunkha mankhwala a mphemvu, kolala ikundikanda. Amayi anga anangondiuza kuti, "Mkwati salankhula. Uziyang'ana pansi."

Poyamba zinkayenda bwino. Anthu ankavina n'kumaponya ndalama m'lichero. Zinavuta atafika anyamata oitanira minibasi, patsogolo pali Dayitoni, amene ankadziwa kuti mtima wanga uli pafupi. Pa mwambo wotere wopereka ndalama amalamula chimene akufuna, ndipo a Phiri, oyendetsa mwambo, ankalengeza pa maiki.

"Iyi akuti mkwati amwetulire, nkhopeyo ikuopseza ana."

Ndinaonetsa mano.

"Iyi akuti apukute nsapato ya mkazi wake."

Ndinapukuta, m'makutu mukutentha. Esinati anatambasulanso phazi linalo popanda womuuza.

"Iyi akuti agwade, auze anthu amene anagwetsa mnzake pa kiyosiki paja."

Apa ndiye ndinadzambatuka, jekete uko, n'kutola chibanthu cha njerwa. Nyimbo inazima. Amayi ena anayamba kukoka ana awo, ena akumangiriranso ndalama kunsonga kwa chitenje. A Yusufu anandigwira pamkono. Dzanja la telala ndi lolimba, musanamizidwe.

"Mwanawe, taona uko," anatero chapansipansi. Mayi Nabanda anali atakhala kumbuyo kwenikweni, pa ndowa yozondotsa, maso ali kumitambo. "Ukagenda, anthuwa apita ndi ndalama zawo, mawa mayi aja ayende khomo ndi khomo ndi mbale. Kwiya ndithu, koma ukwiye utakhala pa sofa. Ndipo unditolere jekete langalo."

Ndinatola, n'kukhala. A Phiri sanachedwe.

"Mkwati wapsa mtima! Akuchimuna muli kuti? Mwana wanu akumuzunza mukuona?"

Sindinkadziwa kuti ndili ndi abale ambiri chotero. Amayi ogulitsa mandasi, owotcha chipisi, ngakhale a Yusufu amene, onse anasanduka akuchimuna. Anapereka kuti Dayitoni ndiye agwade. Anzake anapereka kuti asagwade. Wina anapereka kuti andikupize ndi katoni mtima uzizire. Nkhondo inakula, lichero likulemera.

"Pitiriza kukwinya nkhope choncho, zikugwira," Esinati anandinong'oneza m'kati mwa katani muja.

Dayitoni atatheredwa anagwada pafumbi. Ndinkaganiza kuti ndapambana, koma a Phiri anasuzumira m'lichero, n'kusuzumiranso kumwamba, nati malata sanakwane. Anthu onse ankadziwa chimene chatsala kugulitsidwa. Ndinagwada ndekha, a Phiri akundiikira maiki pakamwa.

"Anandigwetsa ndi Esinati."

Phokoso lake linamveka mpaka kumsika. Lichero linasefukira, anachita kubweretsa beseni. Malata anakhomedwa sabata yomweyo, mvula isanagwe.

Sukulu ndinaisiyira panjira, lero ndimawotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo mtima wanga sunapite patali kwenikweni. Kasitomala akandilankhula mwachipongwe ndimamvabe m'makutu mukutentha. Koma chimene amayi a m'dera lathu aja ankachita ndinachimvetsa nditakula. Akanatha kuwaimika mayi Nabanda kutsogolo, n'kufotokoza umphawi wawo pa maiki mpaka anthu amve chisoni. M'malo mwake anapeza wina woti anthu azimuyang'ana. Tsiku lonse lija Chinsapo inaseka ine, ndipo palibe amene anacheuka kuti aone nkhope ya munthu wothandizidwa.