Mathero a Filimu pa Dimba la Amayi

Ndikakumbukira Okutobala wa ku Area 11, ndimaona maluwa a jakaranda ali mbwee pamsewu, ine nditaima pa njerwa ziwiri kuseri kwa windo la pabalaza pa a Nyirenda, mphuno itagunda galasi lotentha. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba mmenemo, ndipo tinkagona m'kanyumba ka antchito kuseri, pafupi ndi kadimba kathu ka mpiru. A Nyirenda, omwe ankagwira ntchito ku Capital Hill, anali ndi deki ya vidiyo, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ndi tepi yobwereka ku Old Town. Ine pabalaza sindinkaloledwa, ati mapazi anga ankadetsa kapeti, choncho mafilimu onse ndinkaonera pawindo.

Mwana wawo Vitumbiko, wamsinkhu wanga, anali ndi nkhanza zamtundu wake. Sankandithamangitsa ayi. Ankandisiya ndionere filimu yonse, ndikonde ekita, ndidane ndi zigawenga, mtima ufike m'mwamba. Ndiye pamene ekita uja wagwira chitseko chomaliza, mnyamatayu ankadzuka mwaulesi, kundiyang'ana m'maso, n'kukoka katani. Ndinkatsala ndi kulira kwa mfuti ndi phwete lake basi. Ngakhale mafilimu a ana, a tiagalu tosochera, sindinadziwepo ngati kagaluko kanafika kwawo. Ndikadandaula, amayi ankanditsina khutu n'kundikumbutsa kuti denga lomwe tikugonamo ndi la eni ake, ndipo ntchito ikatha tidzabwerera ku Mitundu manja ali m'khosi. Koma Vitumbiko ndinkamuda, kumuda kwenikweni.

A Nyirenda ankakhulupirira kuti kubweza tepi pa deki kumapha makina. Tepi ikabwera yosabweza, ankaipereka kwa ine kuti ndiibweze pamanja: kubaya kabowo kapansi ndi bolopeni, n'kumapukusa ndi chala mpaka chala kuchita thuza. Ntchito ya filimu inali yanga, mathero ake anali a ena.

Loweruka lina Vitumbiko anaitana anzake a ku Area 9 kudzaonera filimu yomwe anakhala akuitama sabata yonse, ya munthu wopha anzake mobisa, wosadziwika mpaka kumapeto. Tepi inabwera yosabweza, ndipo mayi Nyirenda anandiponyera pakhonde. Nditakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nzeru inangondifikira: tepi yosabweza imaima pothera filimu. Wakupha uja anali m'manja mwangamu. Ndinatsegula kachivindikiro, n'kusolola riboni yakuda ija mikono ndi mikono mpaka inaunjikana pamiyendo. Ndinadula ndi lezala ya amayi, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi penti wa zikhadabo yemwe ndinatola kudzala. Ndinkadziwa kuti ndikagwidwa, amayi amanga katundu tsiku lomwelo. Koma sindinaleke. Ndinabweza tepi bwinobwino, n'kukaipereka nditagwada mwaulemu.

Masanawo ndinakwera pa njerwa zanga monga mwa masiku onse. Fungo la mbuliwuli linkatulukira pawindo, anyamata ali duu, maso pa kanema. Wapolisi wa m'filimu anasonkhanitsa anthu onse m'chipinda chimodzi, anakweza chala kuti aloze wakupha. Vitumbiko anali atadzuka kale, dzanja lili pa katani, akundimwetulira. Pomwepo kanema anangoti phethi, n'kuchita mpunga wokhawokha, chithunzi osaonekanso. Anzake anayamba kumukuwiza, iye akumenya deki, kubweza, kuyesanso, mpaka misozi inalengeza. Katani anaiwala kutseka, moti mathero amenewo ndinawaonera onse, ndipo sindinaonepo filimu yokoma chotero.

A Nyirenda anakalipira wobwereketsa matepi, nasiya kubwereka kumeneko. Ine palibe anandiganizira. Kwa masabata angapo Vitumbiko ankafunsa aliyense wobwera pakhomopo, ngakhale wogulitsa makala, kuti, "Kodi munaionera? Anapha ndani?"

Riboni ija sindinaitaye. Mbalame zinkatha mpiru wathu, ndiye ndinaimanga pa timitengo kuzungulira dimba lonse, monga ankachitira anthu ndi matepi otha. Amayi anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, nangoti, "Iwe mwana iwe," n'kupitiriza kuthirira.

Lero ana anga amaonera mafilimu pafoni, ndipo akatopa amangodumphira kumapeto ndi chala chimodzi. Sadziwa kuti mathero ankatha kumanidwa munthu ngati ndiwo. Akulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, ndipo Vitumbiko mame anamunyowetsa tsiku limenelo. Chisoni ndilibe ngakhale pang'ono. Wakupha uja sindinamudziwe mpaka lero, koma ndikudziwa komwe anathera: anakhala nyengo yonse yotentha akunyezimira padzuwa, moyang'anizana ndi windo la Vitumbiko, akuingitsa mpheta pa mpiru wa amayi.