Denga Lopanda Msomali la Bambo Silvino

Pa Zóbuè, ukapatuka pamseu waukulu pomwe malole amafola kudikira kuwoloka malire, n'kukwera kamtunda ka kuseri kwa msika, umafika panyumba ya bambo Silvino Chathima. Kale inali yosasowa. Padenga pake panali miyala yoposa makumi atatu, matayala awiri akutha ndi chitsulo cha njanji. Malata ake anali abwinobwino, koma opanda msomali ngakhale umodzi. Makoma anali a zidina zomata ndi matope, chitseko chomangirira ndi waya. Komatu mwini wakeyo anali katswiri woumba ndi kuotcha njerwa, woti nyumba zambiri za ku Moatize zaima pa thukuta lake.

Ena ankati ndi umphawi, ena ankati ndi kuumira. Onse ankaphonya. A Silvino anali ndi chiphunzitso chawo, ndipo anachiphunzira kusukulu yowawa.

Nyumba yawo yoyamba anaimanga ku Kambulatsitsi atangokwatira mai Hortênsia. Anaizira bwino n'kuipaka laimu. Laimuyo asanayambe n'kuda komwe, nkhondo inafika, ndipo mu 1986 anathawira ku Mwanza, iwo atasenza mphasa, mai atabereka khanda lawo Zita. Atabwerako mu 1994 anakakhala ku Bagamoyo, kufupi ndi Moatize, kumene dothi linali lomvera chikombole. Kumeneko anamanga nyumba yeniyeni: njerwa zootcha, simenti pansi, mango asanu pabwalo. Mu 2009 anaika magalasi m'mawindo. Mwezi usanathe kunabwera anyamata ovala zipewa zolimba, n'kulemba nambala yofiira pakhoma. Pansi pa nyumbayo panali malasha. Ndipo malasha, monga anafotokozera bwana wina pamsonkhano moleza mtima kwambiri, sangasamuke. Ndiye asamuke ndi anthu.

Anapatsidwa nyumba kudera latsopano, bairu ya 25 de Setembro. Nyumba inalipo ndithu, koma dothi la njerwa kunalibe. Anakhalamo chaka chimodzi akupukuta fumbi pachikombole, kenako anaisiyira Zita ndi mwamuna wake. Mu 2011 anakwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè, kumene abale a mai Hortênsia anawalozera malo pamtunda paja.

M'shapamo ndi mmene chiphunzitso chija chinapsera. Laimu anaitana nkhondo, magalasi anaitana malasha. Akuluakulu, ankatero a Silvino, ali ngati ntchentche: satera pa chinthu choyenda. Munthu wofuna kusiyidwa azioneka ngati wanyamuka kale. N'chifukwa chake malata sanawakhomere, poti lata lobooka silikwera bwino padenga lachiwiri. Mtengo sanafune kudzala. Njerwa ankaotchera anzawo, zawo ayi. Ngakhale chimbudzi ankakumba chofika m'chiuno basi, amvekere wodutsa sakumba dzenje la zaka khumi. Chotsatira chake n'chakuti pakatha zaka ziwiri zilizonse dzenje linkadzaza, iwo n'kukwirira, n'kusuntha mapazi asanu ndi atatu, n'kukumba lina.

Munthu akawapatsa moni n'kufunsa za kunyumba, yankho linali limodzi: "Tilipo, tikungodutsa." Anadutsa choncho zaka khumi ndi ziwiri. Ngakhale m'kaundula wa a Boaventura, sekretariyu wa bairu, anaumirira kuti pa dzina lawo palembedwe liwu la Chipwitikizi lakuti provisório, kutanthauza wongoyembekezera. A Boaventura, amene moyo wawo wonse ankalimbana ndi anthu ofuna kulembedwa zazikulu kuposa zomwe ali, anaona ngati tchuthi kupeza munthu wofuna kuchepetsedwa, ndipo analemba mosangalala.

Mai Hortênsia sankatsutsa mwamuna wawo pagulu, ndiponso sankataya nthawi kumutsutsa kuseri. Dzenje loyamba litakwiriridwa, anatenga nthangala ya peyala n'kuikwirira pamwamba pake. A Silvino atakumbutsa za lamulo la mitengo, mai anayankha osatembenuka n'komwe.

"Sindikudzala, bambo a Zita. Ndikuika chizindikiro, mungadzaiwale n'kukumbanso pomwepa."

Chizindikirocho chinamera, ndipo pamalo otero chinakula mosafuna kupembedzedwa. Dzenje lachiwiri linalandira chake, lachitatunso chimodzimodzi. A Silvino mapeyalawo sankadya, podziwa kumene achokera. Mai ankawagulitsa kwa madalaivala a malole kumalire, amene ankalumbira kuti kuchokera ku Beira mpaka ku Blantyre kulibe mapeyala onona ngati amenewo, n'kumafunsa chinsinsi chake. Mai ankati ndi mphepo ya kumtunda.

Pofika 2023 Zóbuè inali itatupa. Nyumba zinkamera ngati bowa, njira zinkakhota molingana ndi mikangano ya anthu oyandikana, ndipo galimoto ya odwala inkathera pamsika, kwinako wodwala n'kuyenda panjinga. Ndiye ofesi ina ku Moatize inaganiza zoti tauniyo ikule mwa dongosolo. Kunachitika msonkhano, kunatambasulidwa mapa aakulu ngati mphasa ziwiri. Pamapapo panali sukulu yomwe kulibe, bwalo la mpira pamene panali chimanga cha munthu, ndi misewu yowongoka bwino, yoti unkachita kuona kuti wojambulayo anali ndi rula yatsopano. Anthu anaomba m'manja, poti misewu ankaifunadi.

Kenako anawerenga malamulo. Nyumba zokhazikika, misewu idzazilambalala. Aliyense amene wakhala pamalo zaka khumi, ngakhale alibe pepala, malowo ali ndi ufulu nawo, bola pakhale umboni. Koma zisakasa ndi timisasa tongoyembekezera tidzachotsedwa, eni ake n'kupatsidwa malo ena kutsidya kwa mtsinje. Mapawo anajambulidwa potengera chithunzi cha m'mwamba, ndipo kuchokera m'mwamba nyumba ya a Silvino inkaoneka ngati pamalo pomwe munthu waunjikapo miyala kuti adzamange mtsogolo. Mseu wa nambala 7 unalowa pakhomo pawo n'kutulukira kuchipinda chogona.

Lachitatu lotsatira pakhoma pawo panalembedwa nambala yofiira.

Poyamba a Silvino anamva kukoma kwa munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. Anauza mkazi wawo kuti ananena iwo, anabwereka makwerero, nakwera padenga kuti ayambe kutsitsa miyala. Anagwira mwala woyamba. Unali utamera ndere, ndipo pansi pake panali buluzi amene anawayang'ana ngati mwini malo. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Ankaona munda wawo wa mbatata ya kachewere, tchalitchi kumene ankakhala benchi yachitatu, nyumba zisanu ndi zinayi za njerwa zomwe anaotcha ndi manja awo, ndi manda kumene anaikako mlamu wawo. Mawondo ankawawa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Anazindikira, mochedwa ndi zaka khumi ndi ziwiri, kuti sakufuna kupita kulikonse.

A Silvino atatsika, mai Hortênsia anangoti iwo katundu anasenza kokwanira, ndipo ngati mseu ukufuna kudutsa kuchipinda, udzawapeza ali pabedi.

Tsiku lomva madandaulo kunabwera mtsikana wa ku ofesi ija, dzina lake Nércia, atanyamula tepi yoyezera ndi mafomu, a Boaventura ali pambuyo ndi kaundula kukhwapa. Anakhala pamipando pabwalo, oyandikana nawo n'kuitanidwa kudzachitira umboni. Apa ndi pamene a Silvino anakolola zomwe anafesa. Mboni yoyamba inati zaka ndi zambiri ndithu, koma eni ake amanena okha kuti akungodutsa. Yachiwiri inati anabwera chaka cha matalala aakulu. Yachitatu inati matalala aakulu anagwa kawiri, ndipo awiriwo anayamba kukangana za matalala mpaka anaiwala chomwe anaitanidwira. Kaundula wakale anali atadyedwa ndi chiswe. Watsopano anayamba mu 2019, ndipo mmenemo munali dzina la a Silvino, liwu lija provisório, ndi siginecha yawo yokongola pambali pake.

"Ndinakufunsani katatu, akulu," anatero a Boaventura. "Munati ndilembe ndi zilembo zazikulu."

Nércia anayang'ana denga, anayang'ana chitseko cha waya, nagogoda khoma ndi cholembera, dothi n'kuyoyoka. Ananena mwaulemu kuti iye akukhulupirira mawu a bambo, koma fomu siikhulupirira munthu, imafuna choloza. Anafunsa ngati pali simenti penapake, kapena chitsime, kapena kanthu kalikonse kosonyeza kuti pano pakhala anthu nthawi yaitali. A Silvino anayang'ana pabwalo pawo ponse. Anali atagwira ntchito mosamala kwambiri kuti pasapezeke kanthu kotero, ndipo ntchitoyo inali itatheka bwino.

Mtsikanayo anatseka fomu. Koma poti anali atayenda m'bairu kuyambira m'mawa akumwa maheu a pakhomo lililonse, ananong'oneza mai Hortênsia, ndipo mai anamulozera kuseri kwa nyumba.

Anachedwako. Pobwera sanakhale pansi, anaitana onse kuti amutsatire. Kuseriko kunali mitengo ya mapeyala isanu ndi umodzi pamzere wowongoka kuposa mseu wa nambala 7, yotalikirana mofanana, yotsika ngati masitepe. Woyamba unali wautali kupitirira denga kawiri, thunthu lake loti mwana sangalikumbatire. Womaliza unali wofika m'mawondo, ndipo pambali pake panali kachimbudzi kamene Nércia anali atangotulukamo. Iye anali mwana wa ku Angónia, wokulira pansi pa mapeyala a amayi ake. Anazunguliza tepi pamtengo waukuluwo nati umenewu sungachepere zaka khumi. Kenako anafunsa chifukwa chake inadzalidwa motero, umodzi umodzi.

A Silvino anayamba kuyang'ana nyerere pansi. Anayankha ndi mai.

"Pansi pa mtengo uliwonse pali chimbudzi, mwanangu. Bambo akowa amakumba chofika m'chiuno, amati ndife odutsa. Zaka ziwiri, chadzaza. Zaka ziwiri, chadzaza. Werenga wekha, unapita kusukulu ndiwe."

"Zisanu ndi chimodzi zokwirira, chachisanu ndi chiwiri chikugwira ntchito," anatero Nércia. "Amalume, zonsezi munadzaza inu awiri nokha?"

"Alendonso ankabwera," anatero a Silvino motsitsa mawu.

Mboni zija zinaiwala matalala. Tsopano aliyense anakumbukira. Dzenje lachiwiri linakumbidwa chaka chimene mwana wa uje anabatizidwa. Lachinayi ndi limene munagwera mbuzi ya a Boaventura, ndipo a Boaventura eni ake, ngakhale sanakonde kukumbutsidwa, anatsimikiza chaka ndi mwezi womwe. Wina anafunsa ngati madalaivala a kumalire akudziwa. Mai anati wowauza adzawalipira yekha msika wawo.

Vuto linatsala limodzi: pafomu panalibe bokosi la zimbudzi zakale. Nércia analuma cholembera kwa kanthawi, kenako pamzere wa zomangamanga analemba mawu atatu a Chipwitikizi, infraestruturas sanitárias sucessivas, nawamasulira kuti ndi zomanga zaukhondo zotsatizana. A Boaventura anawerenga kawiri, navula chipewa. Anati pa zaka zawo zonse za usekretariyu sanaonepo dzenje likukwezedwa paudindo chonchi.

Yankho linatenga miyezi inayi, yomwe kwa ofesi ndi liwiro la mphezi. A Silvino anaonda. Sanatsitse miyala, sanaonjezerepo. Tsiku lililonse ankapita kuseri kukayang'ana mitengo ija, ndipo anaonedwa kamodzi akuthirira kamtengo kakang'ono kaja, chinthu chomwe anakana pamaso pa mboni.

Mapa atsopano atabwera, mseu wa nambala 7 unali utafika pafupi ndi nyumba yawo, n'kupinda mwaulemu ngati mpongozi wopatukira apongozi ake panjira, n'kudula ngodya ya khola la mbuzi la a Boaventura, n'kubwereranso pamzere wake. M'munsi mwa mapawo munalembedwa kuti kukhotako kunakonzedwa dala pofuna kuchepetsa liwiro la magalimoto. Palibe amene anatsutsa. A Silvino analandira pepala la zidindo zitatu lonena kuti malowo ali ndi ufulu wokhalapo ndi kuwagwiritsa ntchito. Analiwerenga ali chiimire, analiwerenganso atakhala pansi, kenako anapuma mpweya umene unkaoneka kuti anausunga kuyambira ku Kambulatsitsi.

Loweruka lake anatsikira kumsika kukagula misomali ya malata. Anatsitsa miyala yonse, matayala ndi chitsulo cha njanji chija. Msomali woyamba unapindika, poti dzanja linali litaiwala. Wachiwiri unalowa bwino, ndipo phokoso lake linatulutsa anthu m'nyumba zawo kudzaonerera. Mai Hortênsia anaima pansi atagwira makwerero mpaka lata lomaliza.

Chaka chathachi dzenje lachisanu ndi chiwiri linadzaza. Mai anaganiza kuti tsopano, poti akhazikika, akumba lakuya lomangira njerwa ngati anthu ena onse. Atapita kukaona anapeza a Silvino akutuluka m'dzenje lofika m'chiuno, akusasa dothi m'manja, ntchito yatha.

"Bambo a Zita, tikudutsabe?"

"Ayi, takhala," anatero a Silvino. "Koma mapa amasintha, mai. Umboni usamathe pakhomo. Bweretsani nthangala."